Kuthokoza ndi Kuyenda ndi Ana pa Mapulazi a ku Mashonaland

Nkhani ya lero ikunena za mabanja olankhula Chinyanja amene amakhala pa minda yaikulu ya ku Mashonaland, imene anthu amaitcha mapulazi, ndi za m'mene amasungira masiku a chikondwerero a kumapeto kwa chaka pamodzi ndi ana awo aang'ono. Mau amene amamveka koposa onse pa masiku amenewa ndi akuti zikomo. Mwana amadziwa kuwatchula asanakwanitse zaka zitatu, koma kuzindikira munthu woyenera kumuuza mauwo, ndi chifukwa chake, kumatenga nthawi, ndipo sikuphunzitsidwa ndi pakamwa pokha. Kholo limene lifuna kuti mwana wake akule woyamika liyenera kumugwira dzanja, kutuluka naye pakhomo, ndi kukamuonetsa anthu ndi malo amene moyo wake watsamirapo.

Poyamba nkoyenera kukumbukira m'mene anthu amenewa anafikira kumeneko. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland, a kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi a ku Tete anali kutsikira kum'mwera kukafuna ndalama za msonkho, za nsalu ndi za njinga. Ambiri anayenda pansi kudzera ku Mwanza ndi ku Zobue, naoloka Zambezi pa Tete mlatho usanamangidwe, pakuti mlatho wa pamenepo unatha mu 1973, nalowa m'dziko la Southern Rhodesia cha ku Mtoko. Unali ulendo wa milungu ingapo, wa njala, wa ludzu ndi wa zirombo, ndipo ena anathera m'njira. Pambuyo pake boma la Southern Rhodesia linaika malole onyamula anthu ofuna ntchito popanda kulipira, amene anthu anangowatcha Ulere, ndipo mu 1946 linakhazikitsa bungwe lolemba anthu a ntchito za m'mapulazi limene linatchuka ndi dzina lakuti Mthandizi.

Ofikawo anamwazikira ku Mazowe, ku Bindura, ku Shamva, ku Mvurwi, ku Banket, ku Trelawney, ku Karoi, ku Marondera ndi ku Macheke. Ena anagwira zaka ziwiri kapena zitatu nabwerera kwao ndi bokosi la malata pamutu. Ena anaitanitsa akazi awo kapena anakwatira komweko, nakhazikika, ndipo abale otsala kumudzi anawatcha machona. Lero pa makomboni a ku Mashonaland pali adzukulu ndi zidzukulutudzi zao, ana amene amalankhula Chishona kusukulu ndi Chinyanja pamoto wa agogo, ndipo ambiri mwa iwo sanaonepo Nyanja ya Malawi, phiri la Dedza kapena mudzi umene agogo awo anachokera.

Mwezi wa December ku Mashonaland si mwezi wopuma. Mvula imakhala itagwa, udzu ukupikisana ndi chimanga, ndipo fodya, amene ndiye mbeu yaikulu ya mapulazi ambiri a kumeneko, amafuna manja tsiku liri lonse. Fodya wothirira, amene amaokedwa mu September, amakhala atayamba kuthyoledwa, pamene wa mvula akufuna kupaliridwa, kudulidwa maluwa ndi kuchotsedwa mphukira. Masamba akalowa m'balani amakhalamo pafupifupi mlungu wathunthu, ndipo moto wake suzima usana ndi usiku, chifukwa ukangozirala kapena kukula mopitirira, fodya wa balani lonse waonongeka. Chotero kuyambira kale wosonkha moto anali kudya mpunga wake wa Khirisimasi ali pakamwa pa ng'anjo. Ena onse anali kupatsidwa tsiku limodzi kapena awiri. M'chaka chonse awa anali ena mwa masiku owerengeka amene bambo, amene ana anazolowera kumuona akutuluka kusanache ndi kubwera kutada, anali kupezeka pakhomo dzuwa liri pamutu.

Pa mapulazi ambiri mwambo wa tsikulo unali wofanana. Mwini pulazi anali kupha ng'ombe, kapitawo nagawa nyama nyumba ndi nyumba. Pena panali shuga, sopo kapena kandalama kapadera. Ana anali kuima pamzere pafupi ndi nyumba yaikulu kuti alandire maswiti, amayi awo ali pambuyo kuwanong'oneza kuti agwade, alandire ndi manja awiri ndi kunena zikomo. Ku komboni kunali kununkhira mpunga ndi nkhuku, tiyi wamkaka ndi buledi wopaka jamu, ndipo ana anali kuyenda chammbali kuopa kudetsa malaya atsopano, amene kawirikawiri anali otengedwa pa ngongole ku sitolo ya pa pulazi pomwepo, ngongole yodzadulidwa pa malipiro a January. Dzuwa likapendeka ng'oma zinali kuyamba, ndipo m'mawa mwake simbi inali kulira monga mwa masiku onse.

Palibe cholakwa pa mwana wolandira ndi manja awiri, ndipo panali eni mapulazi ena amene anali kupatsa ndi mtima woona. Komabe pali chinthu chimodzi chimene ana ambiri a m'masiku amenewo anakula osachidziwa, ndicho kusiyana kwa mphatso ndi malipiro. Phoso la ufa, nyemba ndi mchere limene banja linali kulandira silinali chifundo cha munthu: linali mbali ya mtengo wa thukuta la bambo ndi mayi. Ng'ombe ya pa Khirisimasi nayonso inali itanenepa pa msipu umene iwo anali kuusamalira. Lamulo la mabwana ndi antchito la mu 1901, limene linalamulira antchito a m'mapulazi kufikira nthawi ya ufulu wa Zimbabwe, linali kuyesa mlandu kuchoka pa ntchito pangano lisanathe. Munthu wokhala pansi pa lamulo lotere akamagwada, nkovuta kudziwa ngati akugwada chifukwa cha kuyamika kapena chifukwa cha mantha. Mwana amene anaphunzira kuti zikomo amanenedwa kwa wamphamvu yekha anaphunzira theka la mwambo, ndipo theka losiyidwalo ndilo lalikulu.

Nanga tsono mwana wa pa pulazi athokoze yani? Oyamba ndi agogo aja amene anaoloka Zambezi. Mwana ayenera kumva dzina la mudzi wao, la mfumu yao ndi la boma lao, kaya ndi Ntcheu, Dedza, Mangochi, Katete kapena Angonia, ndipo amve kawirikawiri kufikira atatha kulitchula yekha. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Dzina la mudzi ndi chuma chimene sichilandidwa ndi munthu, ndipo ena mwa adzukulu amene anafuna kukaona kwao anapeza abale awo chifukwa cha dzina limodzi lokha limene agogo anali kulitchula pamoto.

Achiwiri ndi amayi. Mkazi wa pa pulazi anali kulembedwa ntchito ya nyengo, kupalira, kuthyola ndi kusankha fodya, mwana ali kumbuyo, ndipo malipiro ake anali ochepa kuposa a mwamuna. Akaweruka anali kukatunga madzi, kutola nkhuni ndi kulima kadimba ka mpiru kuseri kwa nyumba. Nkhuku imene imaphedwa pa Khirisimasi ndi iye amene waiweta miyezi yambiri, kuiteteza kwa mphamba ndi kwa obwereka. Nkwachilendo kuona banja lonse likunyambita zala, koma wophikayo, amene wadzuka tambala woyamba, osamva ngakhale liu limodzi lomuyamika. Bambo akayamba yekha kuomba m'manja pamaso pa ana nanena kuti, “Zikomo Naphiri, mwatidyetsa,” ana sadzafunanso mphunzitsi wina pa phunziro limeneli.

Achitatu ndi anansi. Pa komboni panalibe mwini mbumba, panalibe malume, panalibe nkhoswe yochokera kumudzi. Anthu anapanga chibale ndi amene anawapeza. Mchewa wa ku Dowa anakhala mlongo wa Myao wa ku Machinga, Msena anaimirira pa ukwati wa Mngoni, ndipo magulu osonkherana ndalama za maliro anaonetsetsa kuti mlendo asaikidwe ngati wopanda abale. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe unasungidwa kwambiri pa makomboni, chifukwa kumeneko kunalibe wina wodalira. Mipingo nayo inagwira anthu dzanja. Mu 1912 mbusa T. C. B. Vlok anachoka ku Nyasaland napita ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, kukatumikira anthu a ku Nyasaland ogwira ntchito kumeneko, ndipo mu 1965 mipingo imene inaphuka pa ntchitoyo inakhala sinodi ya CCAP, imene tsopano ndi Sinodi ya Harare. Ayao anamanga mizikiti yao pa mapulazi ndi pa migodi, ndipo pa tsiku la Idi mbale za mpunga zimaoloka mpanda monga m'mene zimachitira pa Khirisimasi.

Asaiwalikenso eni dziko, Azezuru ndi Akorekore, amene makolo awo anachotsedwa pa nthaka yomweyo, ndipo lamulo logawa malo la mu 1930 linatsimikiza kuchotsedwa kwaoko. Pakati pa iwo ndi obwera panali maina onyozana, monga lakuti Mabhurandaya, lochokera ku dzina la Blantyre. Komabe panalinso maukwati, ubwenzi ndi minda yobwereketsana. Ashona ali ndi mwambo wokoma wothokoza munthu pomutchula mutupo wake, ndipo Achewa ali ndi wofanana nao, pakuti zikomo wolemera ndi amene amatsagana ndi mfunda: a Banda, a Phiri, a Mbewe, a Mwale, Nabanda, Nambewe, Nangozo. Mwana amene wadziwa mfunda wake ndi mutupo wa mnansi wake sangauzidwe kuti ndi munthu wopanda mtundu.

Zinthu zinasintha kwambiri kuyambira mu 2000, pamene mapulazi a azungu anayamba kutengedwa ndi kugawidwa mofulumira. Nthawi imeneyo antchito a m'mapulazi a m'dziko lonse anali oposa 300,000, osawerengera akazi ndi ana awo. Ambiri anataya ntchito, ena anataya ndi nyumba zomwe. Amene anali ndi mudzi wa makolo m'Zimbabwe anabwerera kwao, koma adzukulu a machona analibe kopita. Ena anatsala pa makomboni akale namagwira ganyu kwa alimi atsopano, ena anapita kukakumba golide, ena analowera ku Harare ndi ku South Africa, ndipo owerengeka analandirako malo. Lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa ambiri obadwira m'dzikomo kuyesedwa alendo, kufikira malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ananena kuti munthu amene anabadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye anali kukhala m'Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa.

Pa makomboni ambiri ng'ombe ya bwana inatha, mzere wa maswiti unathanso, koma Khirisimasi sinathe. Tsopano zikuoneka poyera kuti mpunga wa tsikulo ukuchokera kuti. Ukuchokera kwa mayi wogulitsa tomato pa mseu wa ku Bindura, kwa mkulu wa ana amene akutumiza ndalama pa foni kuchokera ku Johannesburg, kwa bambo amene wapalira mizere ya eni ake mpaka matuza. Zovutazo nzoona ndipo siziyenera kuchepetsedwa, koma zatsegula maso a ana kuti aone manja amene akhala akuwadyetsa nthawi yonseyi. Ndalama zikafika kuchokera kutali, nkwabwino kuti mwana apatsidwe foni alankhule yekha, anene kuti, “Zikomo achimwene, nsapato zija zandikwana.” Wotumizayo, amene mwina akudya Khirisimasi yekha m'kachipinda ka lendi, amalandira pamenepo mphatso yake ya chaka.

Masiku opuma a m'Zimbabwe pa nyengoyi ndi 22 December, tsiku lokumbukira pangano la umodzi la mu 1987, kenaka 25 ndi 26 December, ndi tsiku loyamba la chaka. Sukulu zimakhala zotseka. Apa ndi pamene kholo liri ndi mpata woyenda ndi mwana, ndipo ulendo woyamba, umene uli woposa onse, sufuna tikiti ya basi. Pa makomboni ambiri pali nkhalamba imene inabwera yokha kalekale, imene akazi ake anamwalira kapena sinakwatire konse, ndipo ana ake, ngati alipo, ali kutali. Mayi aike mpunga ndi chiwalo cha nkhuku m'mbale, aphimbe, apatse mwana wa zaka zisanu kuti anyamule, iye atsate pambuyo. Mwanayo aodire pakhomo, agwade, apereke mbaleyo nanena kuti, “Agogo, amayi akuti mulaweko.” Pamenepo mwana amene wazolowera kulandira amva kwa nthawi yoyamba munthu wamkulu akumuthokoza iye, ndipo adziwa m'mene zikomo amakomera kwa womulandira. Kupatsa nkuika, ndipo nkhalambayo idzabweza ndi nthano za ku Tete ndi za Ulere zimene sizipezeka m'buku la kusukulu.

Ulendo wachiwiri ndi wa kuthengo la pafupi, m'mawa dzuwa lisanakule. Nyengo imeneyi masuku, amene Ashona amati mazhanje, amakhala ali kumapeto, mango akupsa, ndipo mvula ikagwa madzulo ngumbi zimatuluka pa chulu. Bambo aonetse mwana mtengo uli wonse ndi kuutchula m'zilankhulo zonse ziwiri. Amuonetse balani limene agogo ake anasonkhapo moto, damu limene anakumba nao, mzere wa mitengo ya bulugama imene anaoka. Mwana aone kuti malo amene anthu ena amati si kwao ali ndi zala za makolo ake pali ponse. Madzulo, pa mapulazi pamene mwambo udakalipo, Gule Wamkulu amatuluka, amene Ashona amamutcha Zvigure, ndipo kwina Ayao amavina beni. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu ngati chuma cha anthu onse, chaka chomwecho limene linalemekezanso gule wa Mbende Jerusarema wa Azezuru a ku Murehwa. Ana aang'ono aonerere ali m'manja mwa amayi awo, chapatali, ndipo woopa asakakamizidwe. Nyimbo za pa wailesi nazo ziri ndi phunziro: Alick Macheso, wobadwa mu 1968 ku Shamva, ndi mwana wa m'mapulazi amene bambo ake anachokera ku Malawi, ndipo Chichewa chimamveka m'nyimbo zake.

Banja limene lasunga kandalama ka basi likhoza kupita patsogolo pang'ono. A ku Glendale ndi ku Concession ali pafupi ndi damu la Mazowe, limene linamangidwa mu 1920 kuti lithirire minda ya malalanje, ndipo limaoneka bwino munthu ali pa mseu wa Harare ndi Bindura. Manja ambiri a anthu a ku Nyasaland anathyola malalanje m'chigwa chimenecho. Makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa Harare kuli thanthwe lalikulu la Domboshava, limene m'phanga lake muli zithunzi za nyama ndi anthu zojambulidwa ndi alenje akale. Mwana wa Mchewa akaziona auzidwe kuti kwao kwa agogo nakonso ziliko, ku Chongoni m'boma la Dedza, malo amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006.

A ku Banket, ku Trelawney ndi ku Karoi ali ndi mapanga a Chinhoyi, makilomita osakwana 10 kuchokera m'tauni ya Chinhoyi pa mseu wopita ku Chirundu. Munthu amatsika ndi masitepe m'kati mwa thanthwe, ndipo pansi pake amapeza dziwe labata, lobiriwira ngati thambo, limene kutentha kwa madzi ake kumakhala pa madigiri 22 chaka chonse. Eni dziko amalitcha Chirorodziva, ndipo mbiri yao imati m'zaka za m'ma 1830 Angoni opita kumpoto anaponyamo anthu amene anawapeza pamenepo. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, ndipo zidzukulu zao ziri ku Mzimba ndi ku Chipata. Mwana wamkulupo akhoza kuuzidwa mbiri imeneyi kuti adziwe kuti njira ya pakati pa maiko atatuwa inayendedwa mbali zonse ziwiri, ndipo sinali ya mtendere nthawi zonse. Wamng'ono kwake nkuona madziwo, dzanja lake liri m'dzanja la bambo. Pakhomo amalipiritsa, chotero nkwanzeru kufunsa mtengo tsiku lisanafike.

Pakuti nkhani yafika pa madzi, pali chenjezo limene kholo liri lonse liyenera kulimva. Nyanja ya Chivero, imene inapangidwa mu 1952 potseka mtsinje wa Manyame, imakopa mabanja ambiri pa masiku a chikondwerero. Pa tsiku la Khirisimasi mu 2011 bwato limene linanyamula anthu opitirira muyeso linagubuduzika pa nyanjayo, ndipo ana 11 anamira. Bwato likadzaza, kholo likane, ngakhale mwana alire, ndipo mwana asakwere popanda chovala choyandamitsa. Madzi a nyanja imeneyo ndi oipitsidwanso, pakuti mu December 2024 zipembere zinayi za m'nkhalango ya m'mbali mwake zinafa zitamwa madziwo. M'madamu a pa mapulazi muli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo mwina muli ng'ona. Mwana akayamba kukodza magazi apite naye kuchipatala, kumene mankhwala ake alipo.

Zoopsa zina za nyengoyi nzodziwika, koma zimaiwalika pa tsiku la chimwemwe. Mtsinje umene unali wouma m'mawa ukhoza kudzaza masana ndi mvula imene yagwa kumtunda, chotero wosefukira asauoloke ndi mwana kumbuyo. Mphezi ikayamba asabisale pansi pa mtengo woima wokha. Cha ku Mazowe, ku Shamva ndi ku Bindura kuli maenje a okumba golide amene udzu umawaphimba ndipo madzi amadzazamo. Bowa wosadziwika bwino asalowe mumphika. Zigubu zimene munali mankhwala a fodya zisatungire madzi a paulendo. Ngolo ya thirakitala kapena lole imene woyendetsa wake wamwa si ya kukwezamo ana. Madzulo onse agone m'masikito, popeza malungo amakula ndi mvula. Mwana akatsegula m'mimba, zipatala za m'Zimbabwe zimaphunzitsa kusakaniza masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'botolo la mamililita 750 la madzi owiritsa, ndi kumumwetsa pang'onopang'ono pokonzekera kupita kuchipatala.

Pali ulendo umodzi umene suyenera kuwerengedwa pa maulendo a tchuthi, ndiwo wa kumunda wa fodya. Sukulu zikatseka pamene ntchito yachuluka, chiyeso chotenga ana kuti akathandize kuthyola chimakula. Masamba a fodya onyowa ndi mame amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, ndipo mwana amamva chizungulire, mutu ndi nseru. Mu 2018 bungwe la Human Rights Watch linafalitsa lipoti losonyeza ana ogwira ntchito yotere pa minda ya fodya ya m'Zimbabwe. Umphawi ndi umene umakankha makolo, ndipo palibe wouseka. Komabe mwana sathokoza makolo ake popereka thanzi lake.

Kunenanso za ndalama, chikondwerero ndi cha masiku awiri, koma January ali ndi masiku 31, ndipo m'mwezi umenewo sukulu zimatsegulidwa, zikufuna fizi, yunifolomu ndi makope, pamene chimanga cha m'munda chisanakhwime. Bambo wanzeru amapatula za sukulu asanagule nkhuku. Amadziwanso kuti mtengo wa mowa wa masana amodzi ukhoza kufikitsa banja lonse ku mapanga a Chinhoyi ndi kubwerera. Mwana amene tsiku lokhalo lopuma la bambo wake walithera akumudikira kuti abwere kuchokera ku mowa adzakumbukira zimenezo nthawi yaitali kuposa malaya amene anamugulira. Ngati pali mphatso imene iposa zonse kwa mwana wobadwira pa pulazi, ndiyo kalata yake ya kubadwa, imene adzaifuna polemba mayeso ndi potenga chitupa. Banja likakumana pa Khirisimasi, nthawi imeneyo ndi yabwino kufunsana kuti ndi mwana uti amene alibe, ndi kupangana tsiku lopita naye ku ofesi ya kalembera.

Ulendo wa mwana wamng'ono ukhale waufupi. Anyamuke m'mawa atadya, abwerere dzuwa lisanalowe. Atenge madzi akumwa, chakudya cha m'mbale, nsalu yoberekera ndi chofunda cha mvula. Pa malo odzaza anthu, monga pokwerera basi, mwana ali yense akhale ndi wamkulu wake womuyang'anira, ndipo amene watha kulankhula aphunzitsidwe kutchula dzina la bambo wake ndi la pulazi limene amakhala. Miyendo ya mwana ndi yaifupi ndipo maso ake amaima pa zinthu zimene wamkulu amazipitirira, monga bongololo, chule kapena nyerere zonyamula chakudya. Kholo lisamukoke. Limulole aone, limuyankhe mafunso ake, pakuti tsikulo lapatulidwira iye.

Madzulo, moto utayaka ndipo mbale zitatsukidwa, banja likhale pamodzi, ndipo ali yense, kuyambira wamkulu kufikira wamng'ono, atchule munthu mmodzi amene wamuchitira zabwino m'chakacho. Okhulupirira ayambe ndi pemphero monga mwa chipembedzo chao, kuyamika Chauta chifukwa cha mvula ndi moyo. Wamng'ono mwina adzangotchula woyendetsa basi kapena agogo aja a mbale ya mpunga, ndipo asasekedwe, chifukwa m'mera mpoyamba. Omvera a ku Malawi ndi ku Zambia amene ali ndi abale awo ochona ku Mashonaland akumbukire kuti kumeneko kuli ana amene akuphunzira kutchula maina a midzi yao. Uthenga umodzi wochokera kumudzi pa nyengo imeneyi udzawauza kuti mudziwo ulipodi ndipo ukuwadziwa. Kwa mabanja onse a pa mapulazi, chikondwerero chabwino, ndipo ana onse amene atuluke m'mawa abwerere kunyumba ali bwino.